Mkono wa galamafoni woyandama pa mpweya: njira iti ikutiyenera ife a ku Kasungu?

Pampu ikayaka, ndimadikira kaye theka la mphindi kuti thanki idzaze. Kenaka mkono wa galamafoni yanga umasiya kukhudza chitsulo. Ukaupemerera ndi pakamwa pang'ono chabe umatsetsereka wokha, phee, mpaka kumapeto kwa njanji yake. Mulibe girisi, mulibe timipira tachitsulo. Chimene chaunyamula ndi kampweya kopyapyala kuposa tsitsi la m'mutu. Ndinaupanga ndekha kuno ku Kasungu chifukwa cha mbale za nyimbo za amalume anga, zomwe anabwera nazo kuchokera ku Joni ndi ku Ndola m'zaka za m'ma 1970 n'kundisiyira m'sutikesi.

Usiku wina mu Januwale, mvula ikukonzekera kugwa, magetsi anathima mbale ili pakati. Galamafoni ndi ampulifaya zinali pa inveta, ndiye nyimbo sinaime. Pampu yokha ndi imene ndinaibaya pa soketi ya pakhoma kuchipinda china. Mpweya utatha, mkono unakhala pansi n'kukakamira gwa, koma mzere wa mbale unapitirizabe kukokera singano m'kati. Pamene ndimapeza tochi n'kuti singano ikungodumpha malo amodzimodzi, kandodo kake katapindikira kumanzere. Singano imeneyo ndinali nditaidikira miyezi iwiri kuti ifike. Zinandipweteka kwambiri.

Kuchokera tsiku limenelo, munthu akandifunsa kuti ayambe wagula chiyani pofuna kukonza mkono wotere, waya wodula kapena chubu cha mtundu wina, ndimamuuza kuti ayambe ndi mpweya. Ukhale woyera, wouma, wosagundagunda, ndiponso wosatha mwadzidzidzi magetsi akathima. Zina zonse zimabwera pambuyo.

Chifukwa chiyani munthu n'kudzivutitsa chonchi?

Mbale ikamadulidwa kufakitale, mpeni wake umayenda mowongoka kuchokera m'mphepete kulowera pakati. Mkono wamba, wokhomedwa pangodya ya galamafoni, umayenda mokhota ngati chikwanje cha munthu wotchetcha udzu. Ngakhale uutchere bwino chotani, singano imaongoka ndi mzere pamalo awiri okha, pa mamilimita 121 ndi 66 kuchokera pakati ngati watsata muyezo wotcherera mkono wotchedwa Baerwald. Kwinako imakhala yopendekera, mpaka madigiri 2 kapena kupitirirako pang'ono pa mkono wa mainchesi 9. Komanso kukhota kwa mutu wake kumachititsa kuti mkono uzikokedwa kulowera pakati, n'chifukwa chake pamakhala kaulusi kapena kasipuling'i kokokera mkono kunja, kotchedwa anti-skating.

Mkono woyenda mowongoka umatsata mapazi a mpeni uja. Kupendekera palibe, anti-skating safunikanso, ndipo nyimbo yomaliza ya pa mbale, imene nthawi zambiri mawu ake amasasa, imatuluka yoyera ngati yoyamba. Kunena zoona, mkono wamba wotcheredwa bwino umaposa mkono wa mpweya wosasamalidwa. Ngati kwanu kulibe batire ndi inveta, kapena ana amasewera pafupi ndi galamafoni, khalani ndi mkono wamba, simukutaya zambiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma amene mwalowa kale m'njirayi, tiyeni tiyerekeze.

Mitundu ya mikono imene munthu angakumane nayo ili ngati itatu. Pali ya Eminent Technology, ET-2 ndi mng'ono wake ET-2.5, imene Bruce Thigpen anapanga ku Tallahassee m'chigawo cha Florida kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Mwa iyi, chubu chosalala chimayenda m'kati mwa chibowo chokhazikika chimene chili ndi tibowo ta mpweya kuzungulira konse. ET-2 wamba imayandama ndi pulesha ya pafupifupi 3 psi (ngati 0.2 bar), koma ilipo ina yopangidwira pulesha yokwera. Pali ya pulesha yokwera kwambiri monga Kuzma Air Line ya ku Slovenia, imene imafuna 4 bar, pafupifupi kawiri mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Ndiye pali banja la Poul Ladegaard wa ku Denmark: zitsulo ziwiri za aluminiyamu zopindika ngati V, china chogona pamwamba pa chinzake, chapansicho chili ndi tibowo tosafika theka la milimita. Terminator ya Trans-Fi ku UK inachokera m'maganizo omwewa, ndipo wanga uja ndi wa banja limeneli. Umangofuna kampweya kochepa, koma kambiri ndi kosadukiza.

Aphunzitsi ena opuma ntchito kuno kwathu ali ndi ET-2 yakale imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Zambiri zomwe ndilembe pano taziyesa limodzi pa mikono iwiriyi.

Mpweya uchokere kuti

Njira yotsika mtengo ndi pampu ya nsomba, ija yopopera mpweya m'mabokosi a galasi owetera nsomba. Yanga ndinaigula ku Lilongwe. M'kati mwake muli kalabala kamene kamanjenjemera motsata magetsi, ndipo poti magetsi athu ndi 230 V, 50 Hz, mpweya umatuluka mogunda ka 50 pa sekondi. Kugunda kumeneku kukafika pa mkono, singano imakumva n'kukutumiza ku masipika. Mukafuna kudzimvera nokha, imitsani gudumu lozungulitsa mbale, tsitsani singano pa mbale yosazungulira, kwezani voliyumu pang'onopang'ono, kenaka muzimitse pampu ndi kuyatsanso. Kulira kwa "mmm" kumene kukubwera ndi kupita limodzi ndi pampu, n'komweko.

Mankhwala ake ndi thanki pakati pa pampu ndi mkono. Chigubu cha malita 20 cha mafuta ophikira, chotsukidwa ndi kuumitsidwa bwino, chimagwira ntchito pa pulesha yotsika: mabowo awiri pachivindikiro, mapaipi awiri, guluu wa silikoni. Ine ndinaikamo thonje la m'pilo lopanga ku fakitale kuti limeze phokoso. Chabwino kuposa chigubu ndi sipuleya yaing'ono ya malita 5 yopopera mankhwala m'dimba, chifukwa inapangidwa kale kuti izisunga pulesha. Koma ikhale yatsopano. Imene inalowapo mankhwala a fodya kapena a thonje musaibweretse m'nyumba, mpweya wake mudzakhala mukuupuma pabalaza usiku wonse.

Ubwino wa pampu ya nsomba ndi wakuti imadya mawati ochepa kwambiri, moti batire ya sola imatha kuiyendetsa usiku wonse osamva kanthu. Siitenthetsa mpweya kwambiri, ndiye madzi sachuluka m'paipi. Kuipa kwake ndi kwakuti pulesha yake ndi yochepa, ndipo thankiyo sikhala nkhokwe. Tawerengani: malita 20 pa 0.2 bar amasunga malita ngati 4 okha a mpweya wowonjezera. Pampu ikaima, mkono umakhala pansi musanaimirire pampando. N'zimene zinandichitikira ine. Choncho pampu ya nsomba iyenera kukhala pa inveta yomweyo imene pali galamafoni, kuti zikaima ziimire limodzi. Inveta yake ikhale ya pure sine. Pa ija yotchipa ya modified sine, pampu imalira ngati njuchi ndiponso imatentha.

Pali chinanso choti muganizire. Kasungu ndi Mchinji zili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, ndipo kuno mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 poyerekeza ndi kugombe. Pampu imene ku Durban imangokwanira ndendende, kuno imaperewera. Gulani yokulirapo, yotsalayo muziitulutsa ndi kavalavu. Muonenso chizindikiro cha magetsi: pampu yochokera ku America ndi ya 120 V, 60 Hz, imafuna thiransifoma, ndipo pa 50 Hz imagunda mochedwerapo kusiyana ndi mmene anaipangira. Za ku South Africa ndi ku Zambia zimagwirizana ndi magetsi athu, mwina pulagi yokha ndi imene mungasinthe.

Makina opopera mankhwala kwa odwala mphumu ena amawayesa chifukwa alibe oyilo ndipo pulesha ali nayo. Ine sindiwalimbikitsa. Amasokosa, ndipo ambiri anapangidwira kuyaka mphindi zochepa n'kupuma. Asiyireni odwala.

Kompulesa ya m'firiji ndiyo imakopa aliyense wodziwa kugwira sipanala. Kwa okonza mafiriji pamsika imapezeka, imayenda mwakachetechete, ndipo pulesha imapereka yoposa imene mkono uliwonse ungafune. Aphunzitsi aja anatengeka nayo. Tsiku lina mu Febuluwale anandiimbira foni.

"Amisiri, tabwerani mudzaone. Mkono ukumaima pakati pa mbale ngati wagwidwa ndi munthu."

Nditafika ndinayamba ndakweza paipi yoonekera m'kati ija kuloza kuwindo. Munali timadontho tamadzi tachikasu, tondondozana ngati mikanda. Ndinapukuta chubu cha mkono ndi kansalu koyera, kansaluko kanatuluka ndi banga la oyilo.

"Bambo, kompulesa ikulavula mafuta. Ndiye chinyezi cha dzinjali chasakanikirana nawo, tibowo tatsekeka."

"Ndiye tiitaye?"

Sitinaitaye, koma zimene tinawonjezera zinadula kuposa kompulesayo. Kompulesa ya m'firiji inapangidwa kuti oyilo wake azizungulira ndi gasi n'kubwereranso. Ukaitsegula kuti izipopa mpweya wa panja, oyiloyo amatuluka pang'onopang'ono ngati nkhungu, ndipo uyenera kumuthiranso nthawi ndi nthawi. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ukamazizira m'paipi umasiya madzi. Walira mvula walira matope. Pamafunika thanki yachitsulo yopangidwira mpweya, switchi yozimitsa pulesha ikafika pamlingo, valavu yotulutsa mpweya ikapitirira, sefa yogwira oyilo, kabotolo kogwira madzi, ndi leguleta. Switchi ndi valavu zija si zokongoletsa ayi. Kompulesa ya m'firiji ikasiyidwa yokha imatha kupopa mpaka chinthu kuphulika. Paipi ya PVC ya madzi musaipange thanki ya pulesha yokwera, imasweka ngati botolo. Silinda yakale ya gasi musaiboole kapena kuiwotcherera.

Tinatha masiku awiri tikutsuka mkono wa aphunzitsi ndi isopropyl alcohol ndi kaburashi kofewa. Sipiriti ya pepo ija yogula m'sitolo imasiya utoto, siyoyenera. Ndipo chubu cha mkono wa mpweya sichipakidwa mafuta a mtundu uliwonse, ngakhale dontho limodzi.

Njira yachinayi ndi kompulesa yopanda oyilo yokhala ndi thanki yakeyake, monga zimene madokotala a mano amagwiritsa ntchito, kapena zazing'ono zopopera penti. Apa ndi pamene nkhokwe yeniyeni ili. Thanki ya malita 24 yodzazidwa mpaka 8 bar, inu n'kumatapa pa 1 bar, ili ndi malita opitirira 160 a mpweya woti mugwiritse ntchito. Magetsi akathima mumakhala ndi nthawi yoyenda modekha n'kukakweza singano. Koma imasokosa ikamadzaza, ndiye malo ake ndi kusitolo ya kuseri kapena m'kanyumba kapanja, ndi paipi yaitali. Ikamalira imakoka magetsi ambiri, inveta yaing'ono imagwa. Madzi nawo amakhalapo, thanki iyenera kukhetsedwa pansi sabata iliyonse nthawi ya dzinja.

Ndikaziika pamodzi, maganizo anga ndi awa. Mkono wa mtundu wa Ladegaard, kapena ET-2 wamba, upatseni pampu yabwino ya kalabala, thanki ndi inveta. Kompulesa yaikulu ndi ya amene mkono wawo unapangidwira pulesha yokwera. Ya m'firiji ndi ya munthu amene amakonda kukonza makina mofanana ndi mmene amakondera nyimbo, chifukwa idzamufuna mwezi uliwonse.

Musanamizidwe kuti pulesha ikachuluka ndiye kuti mawu akoma. Tibowo ta mkono uliwonse tinapimidwira mlingo wake. Mukakweza pang'onopang'ono, poyamba besi imalimba, mawu a woimba amakhazikika pakati pa masipika. Mukapitiriza, mumayamba kumva "sss" wa mpweya wothawa m'mbali, ndipo pa mkono wa V kachitsulo kapamwamba kamayamba kunjenjemera. Bwererani pang'ono kuchokera pamenepo. Geji ikhale pafupi ndi mkono, osati pa pampu, chifukwa paipi ya mamita 10 imadya gawo lake.

Fumbi ndi chinyezi zimasinthana

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, fumbi la ku Kasungu mukulidziwa. Kamvuluvulu akadutsa pabwalo, madzulo umatha kulemba dzina lako patebulo. Pampu imayamwa fumbi lomwelo n'kulipititsa m'tibowo. Sefa yotchipa imene yandithandiza ndi fyuluta yatsopano ya petulo ya njinga yamoto, ija yoonekera m'kati yokhala ndi pepala lachikasu, imene okonza njinga za kabaza amagulitsa paliponse. Ndimaika imodzi potuluka pa thanki, ina pafupi ndi mkono. Ndi ya pulesha yotsika yokha. Pampu ndimaiika m'bokosi lokhala ndi kawindo kotchinga ndi siponji, pamwamba pa shelefu, osati pansi pamene tsache limadutsa. Ndikamaliza kumvera, njanji ndimaiphimba ndi kansalu.

Novembala mpaka Epulo vuto limasanduka madzi. Kabotolo kogwira madzi kakhale kumapeto kwa paipi yaitali, pamalo otsikitsitsa, mpweya utazizira kale. Kukaika pakamwa pa kompulesa n'kutaya nthawi, chifukwa pamenepo madzi amakhala akadali nthunzi. Amene ali ndi pulesha yokwera awonjezere botolo la silica gel yosintha mtundu ikakhuta, imene amaiumitsanso pa moto wochepa.

Levulo: apa ndi pofunika kudekha

Mkono wopanda chougwira umathamangira kulikonse kumene kwatsika. Zonse zoyenda pa mkono wanga, katiliji (kabokosi konyamula singano) ndi cholemetsa chakumbuyo pamodzi, zimalemera pafupifupi magalamu 60. Njanji ikapendekeka ndi digiri imodzi yokha, mphamvu yokankhira singano kumbali imakwana galamu imodzi yathunthu. Singano yokhayo imapondereza mbale ndi magalamu 2. Ndiye taganizani khoma limodzi la mzere likusenza katundu wotani, mbale ya amalume imene ilibe ina yolowa m'malo mwake.

Levulo ya amisiri omanga nyumba siiona zochepa chonchi. Muigwiritse ntchito poyamba kuti gudumu likhale bwino, kenaka mkono weniweniwo ndiwo ukhale levulo yanu. Vindikirani singano, sunthani cholemetsa kapena matani kaphula kumbuyo mpaka mkono uziyandama osatsika osakwera. Tsekani mawindo, pumirani kumbali. Uikeni pakati pa njanji n'kuusiya. Ukayenda, tembenuzani sikulu ya levulo pang'ono kwambiri, dikirani, yesaninso. Kenaka muuyese koyambirira ndi kumapeto. Ine ntchito imeneyi inanditengera madzulo athunthu ulendo woyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo siithera pomwepo. Tebulo la matabwa limafufuma dzinja n'kuuma chilimwe, miyendo yake siisintha mofanana. Langa linali la mlombwa wabwino ndithu, komabe levulo inkasokonekera nyengo ikasintha. Tsopano galamafoni ili pa shelefu yokhomedwa m'khoma la njerwa, ndipo ndimayesabe levulo kamodzi pamwezi.

Mkono ukamakhazikika pakati koma n'kumabwerera ukafika kumapeto, vuto si levulo. Ndi waya.

Mawaya anayi ochokera ku katiliji ndiwo chinthu chokhacho chimene chimalumikiza mkono woyandama ndi dziko louma, ndipo amatha kukoka ngati sipuling'i. Mungasiye amene anabwera ndi mkono n'kungowakonza kakhalidwe, kapena kuika waya wopyapyala wa litz (wa timawaya tambiri topotedwa pamodzi) wochoka ku katiliji mpaka ku phono (chokuzira mphamvu ya katiliji isanafike ku ampulifaya) popanda cholumikizira pakati. Njira yachiwiriyi imachotsa malo angapo amene amachita dzimbiri dzinja, ndipo pa katiliji ya mtundu wotchedwa moving coil, imene mphamvu yake ndi yochepa ngati 0.3 mV, phindu lake limamveka. Kuipa kwake, waya wopanda chishango amatola kulira kwa magetsi. Apotedwe awiriawiri mopepuka, adutse kutali ndi thiransifoma ndi inveta. Amene simungapeze waya wogula, ng'ambani chingwe cha mahedifoni akale a foni: muli timawaya tofewa topaka vanishi, tofiira, tobiriwira ndi tagolide, ndipo nditomwe tili pa mkono wanga. Kaya mwasankha uti, waya alendewere momasuka ngati uta kuchokera pa kamtengo koimikidwa pakati pa ulendo wa mkono. Muwotcherere pa timapini tovala, osati pa miyendo ya katiliji yeniyeniyo, kutentha kumadula waya wa m'kati mwake. Kusiyana kwa waya wa siliva ndi wa kopa n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kwa waya womasuka ndi wokoka.

Katiliji yofewa kapena yolimba

Apa ndi pamene mkono wowongoka umasiyana kwambiri ndi wamba. Pokwera ndi kutsika, singano imangonyamula kachubu kakutsogolo. Koma poyenda cham'mbali imakoka chilichonse: chubu, chonyamulira, cholemetsa. Kandodo ka singano kamakhala pa kalabala, ndipo kalabala ndi kulemera zikakumana pamakhala liwiro lina limene zimanjenjemera zokha. Timafuna likhale pakati pa 8 ndi 12 Hz, pamwamba pa mafunde a mbale yopindika koma pansi pa nyimbo. Kawerengedwe kake: chulukitsani kulemera m'magalamu ndi compliance ya katiliji (nambala yosonyeza kufewa kwa kalabala kaja), pezani square root, ndipo mugawe 159 ndi yankholo. Magalamu 18 ndi compliance ya 14 zimapereka 10 Hz, bwinobwino. Koma cham'mbali, magalamu 60 ndi katiliji yomweyo zimapereka 5.5 Hz. Mukaika yofewa ya 25 mumatsikira pa 4 Hz, ndipo kandodo mumakaona ndi maso kakugwedezeka uku ndi uku.

Tsono ganizirani mbale zimene tili nazo kuno. Zambiri za amalume ndi zing'onozing'ono za 45, ndipo zingapo bowo lake silili pakati penipeni. Mbale yotere imakankha mkono wonse kupita ndi kubwera pa kuzungulira kulikonse. Mphamvu yofunika imakula mofulumira liwiro likakwera, moti pa 45 imakhala pafupifupi kawiri ya pa 33. Zonsezo zimadutsa pa kandodo kaja. N'chifukwa chake kwa ife ndimasankha katiliji yapakati kapena yolimba. Audio-Technica AT-VM95E, yopondereza magalamu 2, ndi poyambira pabwino, ndipo singano yake imasinthidwa payokha, chinthu chachikulu kwa munthu amene anapindapo imodzi. Denon DL-103, imene inapangidwira wailesi ya NHK ku Japan m'zaka za m'ma 1960, ndi yolimba, imapondereza magalamu 2.5, ndipo kulemera kwa cham'mbali sikuiopsa. Koma ndi moving coil: imafuna phono yoyenera, ndipo singano ikathyoka simungoizula n'kuvekapo ina. Ortofon 2M Red, ya compliance 20, ili kumalire, imafuna mkono wopepukitsidwa. Dziwaninso kuti makampani a ku Japan amapima compliance pa 100 Hz, ndiye nambala yawo muichulukitse ndi 1.5 mpaka 2 musanailowetse m'masamu aja.

Mbale ya 45 ya bowo lalikulu ili ndi mwayi wake. Chotsani kodzazira pakati kaja, zungulitsani gudumu ndi dzanja mukuyang'ana mzere wakunja, muzikankha mbale pang'onopang'ono ndi chala mpaka mzere usiye kuvina. Mphindi imodzi yokha, ndipo mkono umayenda phee.

ET-2 ili ndi nzeru yake pa nkhaniyi. Cholemetsa chakumbuyo chimakhala pa kamtanda kolumikizidwa ndi kasipuling'i kopyapyala ngati tsamba, kuti singano isamakoke kulemera konse nthawi imodzi. Tsamba limodzi limayenera katiliji yofewa, awiri kapena atatu yolimba. Tinayesa zonse kwa aphunzitsi ndi DL-103: ndi tsamba limodzi besi inali yonenepa koma yomwazika, ndi awiri ng'oma inayamba kumveka pamene yamenyedwa ndi pamene yalekera. Ndi bwinonso kuika zolemetsa zochepa kutali kumapeto kwa kamtandako kusiyana ndi kuunjika zambiri pafupi. Machubu ake alipo a aluminiyamu, a carbon fibre ndi a magnesium, ndipo cholemera cha magnesium ndi cha makatiliji olimba. Kuchigula muli ndi katiliji yofewa n'kudzionjezera vuto.

Pa mkono wopanga wekha ndayesa zitatu. Kapaipi ka eriyo yakale ya TV n'kopepuka ndi kowongoka, koma kamalira ngati belu ukakagogoda, mpaka utakadzaza thonje. Nsungwi youma bwino inandipatsa mawu okoma kuposa zonse, ofunda, osabaya m'khutu, koma mvula itayamba inapotoka pang'ono ndipo singano inapendekera mbali imodzi. Ndinakhazikika pa chubu cha carbon fibre, chimene sichidziwa dzinja kapena chilimwe. Nsungwi ija ndimaisungabe, ndimaivekanso mwezi wa Juni.

Kutalika kwa chubu nako n'kofunika kukuganizira. Chachifupi n'cholimba ndi chopepuka, koma chimamva msanga kusiyana kwa mbale. Mbale ikanenepa ndi milimita imodzi, mkono wa mamilimita 229 umasintha kaimidwe ka singano ndi kota ya digiri, pamene wa mamilimita 75 umasintha katatu kuposa apo. Mbale zambiri za kuno zinakhala zaka pansi pa denga la malata, zina zitagonekedwa mopingasa, ndipo zili ndi mafunde. Pa mbale yotere chubu chachifupi chimachititsa mawu kukwera ndi kutsika ngati woimba akupalasa njinga pa msewu wa mabampu. Ngati mbale zanu zili choncho, sankhani chubu chotalikirapo.

Za kabeseni ka mafuta a silikoni, kamene kachipalasiro kolumikizidwa ku mkono kamaviikamo kuti kachepetse kunjenjemera, ndinena mwachidule. Kamathandiza katiliji yofewa pa mkono wolemera. Koma ndi mafuta osavindikira, mainchesi ochepa kuchokera pa njanji imene siifuna mafuta, m'dera la fumbi. Kanga kanasanduka phala pofika Okutobala ndipo ndinakachotsa. Amene mukufunabe, kachipalasiro kangokhudza pamwamba pa mafuta. Kakamira kwambiri, mkono umalimbana ndi mbale ya bowo lopatuka ndipo singano ndiyo imavutika.

Chotsala ndi kuonetsetsa kuti singano ikuyendadi pa mzere wolunjika pakati. Dulani katoni yosalala, boolani bowo lokwana kamsomali ka pakati pa gudumu, jambulani mzere wowongoka kuchokera pakati pa bowolo mpaka m'mphepete. Gudumu likhale lomangidwa ndi tepi kuti lisasunthe. Singano itere pa mzerewo kunja, itereponso m'kati. Ikaphonya mofanana konse kuwiri, sunthani katiliji kutsogolo kapena kumbuyo. Ikatera kunja n'kuphonya m'kati, njanji yonse ndiyo yakhota. Milimita imodzi yophonya pano imabweza gawo la kupendekera komwe munathawa pa mkono wamba, ndipo imakhalapo mbale yonse. Mukatha apo, ikani kagalasi kodziyang'anira pa gudumu, tsitsani singano mosamala, muone kutsogolo ngati singano ndi chithunzi chake zapanga mzere umodzi woima chilili. Pomaliza pimani kupondereza ndi kasikelo ka digito pampu ili yoyaka, kasikeloko kali pa msinkhu wa mbale.

Sabata yatha magetsi anathimanso cha m'ma 8 koloko usiku, aphunzitsi ali kwathu. Babu ya pabalaza inazima, inveta inalira kamodzi, ndipo kuchipinda kuja pampu inapitiriza kung'ung'udza. Ndinawalitsa tochi pa geji, muvi wake sunasunthe. Tinaisiya mbale ya amalume mpaka inafika kumapeto, kenaka aphunzitsi anati, "Amisiri, tatembenuzani, kuseriko ndiye kuli ija ndimaikonda."